Kaphikidwe ka Mabanzi a Mtanda a pa Lachisanu Loyera

Mabanzi a mtanda, amene ku Britain amawatcha hot cross buns, ndi mabanzi ofewa otsekemera pang'ono, onunkhira sinamoni ndi zokometsera zina, okhala ndi mphesa zouma mkati mwake, ndipo pamwamba pa banzi lililonse pamakhala chizindikiro cha mtanda chokumbutsa kupachikidwa kwa Yesu. Mwamwambo amadyedwa pa Lachisanu Loyera, nyengo ya Lenti ikamatha, ndipo mwambowu unachokera ku England n'kufalikira ku Ireland, ku Australia, ku New Zealand, ku South Africa ndi ku Canada. Aliyense amene anaphikapo buledi angathe kuwaphika, koma ayenera kudziwiratu kuti ufa wa mabanziwa umafufuma mochedwa. Shuga, batala, dzira, zipatso ndi sinamoni zonsezi zimaichepetsa mphamvu yisiti kapena kuulemeretsa ufa, kotero kuti wophika amene amamvera wotchi m'malo moyang'ana ufawo amapakula timabanzi tating'onoting'ono tolimba, ngakhale atayeza zonse molondola.

Kuphikira mabanziwa pakhomo kunayamba kalekale. M'chaka cha 1592, mu ulamuliro wa Mfumukazi Elizabeth I, mkulu woyang'anira misika ya mu London analetsa ophika buledi kugulitsa mabanzi okhala ndi zokometsera, kupatula pa maliro, pa Khirisimasi ndi pa Lachisanu Loyera, ndipo wophwanya lamuloli ankalandidwa mabanzi ake n'kuperekedwa kwa osauka. Choncho amene ankawafuna masiku ena ankaziphikira okha. Dzina lawo linayamba kupezeka m'zolemba mu 1733, pamene ankagulitsidwa m'misewu ali otentha, limodzi kapena awiri pa peni imodzi. Anthu a ku St Albans, mzinda wa ku England, amanena kuti chiyambi chake n'chakale kuposa pamenepo, ndipo amatchula mmonke Thomas Rocliffe amene akuti ankagawira osauka mabanzi otere kuyambira mu 1361.

Kuti mupeze mabanzi 12, mufunika ufa wa tirigu wophikira buledi magalamu 500, yisiti youma yosakaniza mwachindunji mu ufa magalamu 7, omwe ndi kapaketi kamodzi kakang'ono, shuga magalamu 75, mchere supuni yaing'ono imodzi, mkaka mamililita 300, batala magalamu 50 ndi dzira limodzi. Pa zokometsera, tengani sinamoni wopera supuni yaing'ono imodzi ndi theka, nutmeg theka la supuni yaing'ono, allspice theka la supuni yaing'ono, ndi cloves wopera wongotapa ndi nsonga za zala, chifukwa cloves akachuluka amakwirira fungo la zina zonse. Zipatso zake ndi mphesa zouma magalamu 150, makoko a malalanje ophikidwa mu shuga magalamu 50 ngati muli nawo, ndi khungu lakunja la lalanje limodzi lopalidwa mosamala kuti choyera cha mkati, chimene chimawawa, chisalowemo. Ndi bwino kuyeza ufa pa sikelo kusiyana ndi kuuyeza ndi kapu, popeza kapu imodzimodziyo imatenga ufa wosiyana kulemera malinga ndi mmene mwautsinderera.

Nkhani ya ufa ndi yofunika kuimvetsa. Ufa wophikira buledi umakhala ndi mapuloteni pafupifupi magawo 12 kapena 13 pa 100 aliwonse, pamene ufa wophikira keke umakhala ndi ochepa. Mapuloteni amenewa akanyowa n'kukandidwa amasanduka gluten, amene amatanuka ndi kutsekera mpweya umene yisiti imatulutsa ikamadya shuga. Mabanzi a mtanda amanyamula zipatso zolemera magalamu 200, ndipo ufa wopanda mphamvu umalephera kuzinyamula, motero mabanzi amaphwatalala m'malo mokwera. Ngati ufa umene muli nawo ndi wamba, mabanzi adzatheka ndithu, koma mukande nthawi yotalikirapo ndipo musungeko mkaka masupuni awiri aakulu, muuthire pokhapokha ufa ukaoneka wouma, chifukwa ufa wamba umamwa madzi ochepa.

Yambani ndi mphesa zouma, musanakhudze china chilichonse. Zithireni madzi otentha, tiyi wopanda mkaka kapena madzi a malalanje otenthetsa, zikhale mphindi 20 mpaka 30, kenaka muzikhetse ndi kuzipukuta ndi kansalu koyera. Ophika ena amalumpha gawoli poganiza kuti n'longokometsera, koma mphesa zimene sizinanyowetsedwe zimayamwa madzi a mu ufa pophika ndiponso zikapsa, ndipo n'chifukwa chake mabanzi ena amakhala atauma kale pofika madzulo a tsiku lomwelo. Kupukutako nakonso musakunyozere, chifukwa mphesa zodontha madzi zimasandutsa ufa kukhala woterera ndi wovuta kuumba.

Mphesa zili m'madzi, tenthetsani mkaka mum'phika waung'ono, muuchotse pamoto usanawire, muikemo batala kuti asungunuke, ndipo muudikire uzizire mpaka ukhale wofunda chabe, madigiri 35 mpaka 40 a Celsius. Ngati mulibe choyezera kutentha, viikani chala chotsukidwa bwino: mkaka woyenera sumveka wotentha kapena wozizira, ndipo chala chingakhalemo osafuna kuchichotsa. Yisiti ndi chamoyo, ndipo imafa kutentha kukayandikira madigiri 60, choncho mkaka wotentha umawononga ntchito yonse isanayambe. Mumbale yaikulu sakanizani ufa, shuga, mchere, zokometsera ndi yisiti, mukumbe pakati, muthirepo mkaka ndi dzira lomenya, ndipo mutakase ndi supuni yamtengo mpaka ufa wouma usaonekenso. Amene muli ndi yisiti ya timibulu tatikulu, imene imafuna kudzutsidwa kaye, muisungunule mu mkaka wofundawo ndi shuga pang'ono ndipo muisiye mphindi 10. Ikapanda kuchita thovu, ndiye kuti inafa, ndipo kuli bwino kupeza ina nthawi yomweyo kusiyana ndi kudikira maola awiri ufa umene sudzafufuma.

Pa nthawi imeneyi ufawo umakhala womata kwambiri, umakakamira m'zala ndi pathebulo, ndipo apa m'pamene mabanzi ambiri amawonongekera, chifukwa dzanja limangofuna kuwazapo ufa wina mobwerezabwereza. Ufa uliwonse woonjezera umachepetsa kufewa kwa banzi. M'malo mwake dzozani mafuta ophikira pang'ono m'manja ndi pathebulo, mukankhe ufawo ndi chikhatho kupita kutsogolo, muupinde kubwerera kwa inu, muutembenuze pang'ono, n'kubwerezanso, ndipo zimene zamatirira pathebulo muzipale ndi mpeni wosathwa n'kuzibwezera. Mphindi zisanu zoyamba zimaoneka ngati palibe chikusintha, koma pakati pa mphindi 10 ndi 15 ufa umayamba kusalala, kusiya zala ndi kubwerera mukaukoka. Kuti mudziwe kuti wakandika, budulani kachidutswa, mukakoke pang'onopang'ono ndi zala za manja onse awiri, ndipo mukayang'anitse kowala: kakapyapyala mpaka kuwala kuonekera popanda kung'ambika, gluten wakwana. Kakang'ambika msanga, kandaninso mphindi zitatu. Makina okandira amachita ntchito yomweyi m'mphindi 7 kapena 8.

Zipatso zimalowa pamapeto pa kukanda, osati poyamba, popeza zimadula gluten amene akupangika ndipo nazonso zimaphwanyika. Yalani ufa wokandawo, muwazepo mphesa, makoko ndi khungu la lalanje, muupinde katatu kapena kanayi, n'kukanda mofatsa mpaka zipatso zifalikire. Zina zidzagwa, zitoleni n'kuzilowetsanso. Kenaka uikeni m'mbale yodzozedwa mafuta, muvindikire ndi nsalu yonyowa kapena pulasitiki, ndipo muuike pamalo ofunda popanda mphepo.

Tsopano ndi nthawi ya kudikira, ndipo ndi pano pamene ndikufuna kuchedwapo. Malangizo ambiri amanena ola limodzi, koma ola limeneli limakwanira pokhapokha chipinda chili chofunda, madigiri 24 mpaka 27, ndiponso yisiti ili yatsopano. Shuga wambiri amakoka madzi amene yisiti imafuna, batala amakuta ufa n'kuchedwetsa gluten, ndipo sinamoni ali ndi mafuta amene mwachibadwa amalimbana ndi tizamoyo ta mtundu wa nkhungu, momwe yisiti ilinso. Chifukwa cha zimenezi, ufa womwewo umene ukanafufuma m'mphindi 50 ukanakhala wa buledi wamba ungatenge maola awiri, ndipo m'nyengo yozizira ungapitirire pamenepo. Chimene mukudikira ndi chakuti ufa ukule kuwirikiza kawiri. Maso amanama pa nkhani imeneyi, choncho ikani kachizindikiro kunja kwa mbale pamene ufa ukulekezera pouika, kapena muujambule ndi foni, kuti mukhale ndi chofananitsira. Ngati m'nyumba mukuzizira, ikani mbaleyo mu uvuni wosayatsa pamodzi ndi kapu ya madzi otentha n'kutseka chitseko. Musauike pamoto kapena padzuwa lamphamvu pofuna kuufulumizitsa, chifukwa batala amasungunuka n'kutuluka, ndipo ufa wofufuma mothamanga umanunkha yisiti m'malo monunkhira zokometsera.

Ukakula, ukhuthulireni pathebulo, muutsindike mofatsa kuti mpweya wochuluka utuluke, ndipo muugawe zidutswa 12. Ufa wonse umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 200, choncho chidutswa chilichonse chikhale magalamu 95 mpaka 100. Kuyeza kumeneku si kudzivutitsa chabe, chifukwa banzi laling'ono limapserera lalikulu lisanapse mkati. Poumba, tengani chidutswa, mukokere m'mphepete mwake monse pakati n'kutsina, muchitembenuze kuti potsinapo pakhale pansi, muchivindikire ndi dzanja lopinda zala, ndipo muzungulize dzanjalo pathebulo lopanda ufa. Kumata pang'ono kwa thebulo n'kumene kumakoka khungu la pamwamba kuti likungike ndi kusalala, ndipo mumamva pansi pa chikhatho kuti chidutswa chija chalimba n'kukhala chobulungira. Mphesa iliyonse yotulukira pamwamba muichotse n'kuilowetsa pansi, chifukwa ikatsala poyera imapserera ndi kuwawa.

Ndandalikani mabanziwo pa thireyi yoyalidwa pepala lophikira kapena yodzozedwa batala, mizere itatu ya mabanzi anayi, ndipo pakati pa banzi ndi linzake pakhale mpata wokwana chala chimodzi. Cholinga chake n'chakuti akafufuma agundane, popeza mabanzi ogundana amakwera m'mwamba mothandizana ndipo m'mbali mwake mumakhala mofewa. Avindikireni ndi pulasitiki wodzozedwa mafuta, muwasiye afufumenso, mwina mphindi 45, mwina ola ndi theka. Kufufuma kwachiwiriku n'kumene kumasiyanitsa banzi lopepuka ndi lolemera. Dinani banzi limodzi m'mbali ndi chala chopaka ufa, mozama pafupifupi sentimita imodzi. Dzenjelo likabwerera nthawi yomweyo n'kutsekeka, mabanzi sanakonzeke. Likabwerera pang'onopang'ono n'kusiya kachipsera, nthawi yakwana. Likapanda kubwerera konse ndipo banzi likuoneka lofota, afufuma mopitirira, ndipo muwalowetse mu uvuni mosachedwa. Pa zolakwika ziwirizi, kufulumira ndiye kofala kwambiri, ndipo chizindikiro chake ndi mabanzi ong'ambika m'mbali ndi mtanda wokhota.

Yatsani uvuni mphindi 20 mabanzi asanalowe, pa madigiri 200, kapena 180 ngati uvuni wanu uli ndi fani. Uvuni ukutentha, konzani phala la mtanda posakaniza ufa wamba magalamu 75 ndi madzi pafupifupi masupuni aakulu asanu, kuthira supuni imodzi pa nthawi, ndi mafuta ophikira supuni yaing'ono imodzi, amene amathandiza kuti mtanda usaume gwa. Phalali likhale losalala ndi lokhuthala moti mukalinyamula ndi supuni likugwa pang'onopang'ono osaduka. Lamadzimadzi limayenderera n'kufafaniza chizindikiro, ndipo lolimba kwambiri limakhala ngati chingwe chimene aliyense amachichotsa asanadye. Lithireni m'kathumba ka pulasitiki, mudule kangodya kakang'ono, ndipo mujambule mzere umodzi wosadukiza kudutsa mabanzi onse a mzere woyamba, kenaka wachiwiri ndi wachitatu, n'kutembenuza thireyi kuti mujambule mizere yopingasa. Dzanja liziyenda pang'onopang'ono kuti phala lizitsatira kutsika ndi kukwera kwa mabanzi. Amene sakonda phalali angacheke mtanda ndi mpeni wakuthwa, monga amachitira ku St Albans mpaka lero, koma achite mosazamitsa kuti mpweya usatuluke. Ku United States ambiri amajambula mtanda ndi shuga wosalala wosungunula mabanzi atazizira kale. Ndi wokoma ndithu, koma banzi lotero silingawotchedwenso mawa lake popanda shugayo kusungunuka, ndipo pa chifukwa chimenechi ine ndimaona kuti mtanda wa ufa ndi wabwinopo.

Phikani mphindi 18 mpaka 22 pa shelefu yapakati, ndipo musatsegule chitseko m'mphindi 12 zoyamba. Ufa wa shuga ndi mkaka umafiira msanga, motero maonekedwe a pamwamba angakupusitseni. Mukaona kuti akuda nthawi isanakwane, aphimbeni mopepuka ndi foil n'kupitiriza. Banzi loyenera kuliyesa ndi lapakati pa thireyi, chifukwa ndilo limachedwa kupsa. Litukuleni pang'ono, muone ngati pansi pafiira ndiponso ngati m'mbali mwake, mmene linagundana ndi linzake, mukubwerera mukadina osati kumata. Choyezera kutentha chikalowetsedwa pakati pake chisonyeze madigiri 90 kapena kupitirira pang'ono.

Kunyezimira kwa pamwamba kumachokera ku madzi a shuga. Wiritsani shuga masupuni aakulu awiri ndi madzi masupuni aakulu awiri kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kapena mutenthetse jamu wa ma apricot n'kumusefa, ndipo mupake ndi burashi mabanzi akangotuluka mu uvuni. Kenaka asamutsireni pa waya woziziritsira kuti pansi pasanyowe ndi nthunzi, ndipo muletse aliyense kuwanyema kwa mphindi 15, popeza mkati mwa banzi mumapitiriza kukhazikika litatuluka, ndipo lonyemedwa msanga limakhala lonata ngati losapsa.

Ntchito yonseyi imatenga maola anayi kapena asanu, ndipo banja lofuna kudya mabanzi otentha m'mawa wa Lachisanu Loyera silingayambe tsiku lomwelo pokhapokha wina adzuke usiku. Njira yabwino ndi kugawa ntchito pawiri. Madzulo a Lachinayi Loyera kandani, mudikire kufufuma koyamba, muumbe, mundandalike pa thireyi, muvindikire bwino kuti asaume, n'kuika mufiriji. Kuzizira kwa madigiri pafupifupi 4 sikupha yisiti, kumangoichedwetsa, ndipo mabanzi ogona mufiriji amakoma kuposa ophikidwa tsiku lomwelo chifukwa zokometsera zimalowerera. M'mawa atulutseni, akhale ola limodzi kapena ola ndi theka mpaka apambane mayeso a chala aja, ndipo pokhapo mujambule mtanda n'kuphika. Mtanda musaujambule madzulo, chifukwa phala limauma ndi kung'aluka mabanzi akamakula. Ngati alendo achuluka ndipo mukufuna mabanzi 24, wirikizani zonse kawiri koma muphike thireyi imodzi pa nthawi, yachiwiriyo idikire mufiriji kuti isafufume mopitirira. Ana angathandize kuyeza zidutswa pa sikelo, kubulungiza ndi kujambula mitanda, koma m'phika wa madzi a shuga ukhale m'manja mwa wamkulu, popeza shuga wowira amamatirira pakhungu ndipo amawotcha kuposa madzi. Ngati m'banjamo muli osadya mphesa zouma, patulani gawo la ufa musanaike zipatso, osati kuwasiya azizitola patebulo.

Ku England kunali chikhulupiriro chakuti banzi lophikidwa pa Lachisanu Loyera silichita nkhungu, ndipo ena ankalipachika m'khitchini chaka chonse. M'nyumba ina yomweramo zakumwa yotchedwa The Widow's Son, ku Bromley-by-Bow mu London, muli mwambo woonjezera banzi limodzi chaka ndi chaka mu ukonde wopachikidwa kudenga. Mabanzi oterowo ndi oonera chabe. Anu odya amakoma kwambiri tsiku lophikidwa, ndipo amasungika masiku awiri kapena atatu m'chotengera chotseka bwino akazizira kotheratu. Musawaike mufiriji atapsa, chifukwa kuzizira kwa mufiriji kumafulumizitsa kuuma kwa buledi wa mtundu uliwonse. Amene simudya m'masiku awiriwo muwadule pakati, muwakulunge bwino n'kuwaika mufiriza, mmene angakhale mwezi umodzi kapena iwiri osasintha kakomedwe. Banzi la dzulo kapena lochokera mufiriza liwotcheni mbali yodulidwayo yokha, pa chiwaya chouma kapena pansi pa moto wa pamwamba mu uvuni, ndipo muliyang'anire chifukwa shuga wake amapserera m'kanthawi kochepa, kenaka mupakepo batala lidakali lotentha.